Tsiku Lomwe Ndinathamangitsa Aphungu

Mpaka lero ndikamadutsa pamjigo wa kumalayini kwathu, amayi amatsitsa mawu. Sindiwaimba mlandu. Ndine ndinabweza ndowa za esiteti yonse.

Inali nthawi ya korona ija. Tinkathyola tiyi motalikirana ngati anthu odana, ndipo sabata sinkatha popanda maliro. Tsiku lina akapitawo anandiitana.

"Mawa aphungu akubwera ndi ndowa zosambira m'manja ndi sopo. Inu mumatha kuyankhula kutchalitchi, mukathokoze m'malo mwa antchito. Koma muvale masiki."

Masiki ndinalibe. Mayi a kunyumba anang'amba chitenje chakale n'kundisokera. M'mawa ndinangoimanga n'kuthamanga (galasi kwathu linasweka kalekale, ndipo nkhope yangayi si yoti n'kuilakalaka).

Pabwalo la fakitale ndowa zinali zitandandalikidwa, ojambula ali tcheru. Aphungu anayankhula ola lathunthu za mmene amatikondera. Kenako anatchula dzina langa. Nditaimirira, anthu anayamba kukodolana. Ine ndinkati akusirira jekete langa la ukwati.

"Olemekezeka," ndinayamba, "inu nokha ndi amene mumatikumbukira."

Mkulu wina wa chipani chawo anandiyandikira, maso ali psu.

"Bambo, mukutinyoza?"

"Ayi bwana, ndikuthokoza."

"Nanga nkhope ili pakamwa panuyo ndi ya ndani?"

Apa mpamene ndinazindikira. Chitenje chija chinali cha chipani chinacho, chomwe mayi analandira pamsonkhano (kwathu timalandira chilichonse, nsalu ilibe mlandu). Pakamwa panga panali mdani wa aphungu, akumwetulira.

Ndinaivula msangamsanga. Wapolisi anakuwa, "Valani masiki!" Ndinavala. Mkulu uja, "Vulani!" Ndinavula. Pakati pa kuvala ndi kuvula ndinatsamwa ndi malovu n'kutsokomola. Katatu. Molunjika aphungu.

Sindinaonepo munthu waudindo akuthamanga chotero. Ndowa anazikwezanso mulole, akuti dera lino silinakonzeke. Kumene zinakathera sitikudziwa.

Ine anandiuza kuti ndibindikire pakhomo masabata awiri. Nthochi za mayi zinaolera pamsika, poti palibe ankafuna kugula kwa mkazi wa "bambo wa korona". Sabata yachiwiri a Namakhwa, oyandikana nafe nyumba, amene ndinathyola nawo tiyi kuyambira tili anyamata, anayamba kubanika. Anamwalira pabenchi ya chipatala akudikira mpweya. Kumaliro sanandilole. Nyimbo ndinazimvera pazenera.

Ndikudziwa kuti ndowa sizikanawapulumutsa. Mwina anzanga nawonso akudziwa. Koma munthu akapsa mtima amafuna womuloza chala, ndipo aphungu amakhala kutali. Ine ndili pafupi.

Chimene ndinatolapo n'chakuti akuluakulu akamabwera, mmphawi azikhala kumbuyo, atseke pakamwa. Koma ayambe wayang'ana chimene akutsekera.