Kachitsulo Nambala 14

Pulani inabadwira m'bala la kutsidya kwa njanji, pa botolo lachitatu la wisiki, nthawi imene mwamuna aliyense amasanduka jenerale. Mwini pulaniyo anali Orville Tackett, wodzitcha Profesa chifukwa anasesapo pasukulu miyezi iwiri. Anzake anali Cyrus, wotchedwa Chigubu kaamba ka mimba, ndi Lemuel Zomata, munthu woti akakupatsa moni uziwerenga zala zako.

Profesa anawakumbutsa kuti kwathu ku Cotter's Bend, m'Kansas muno, aliyense wolowa m'tauni amasiya mfuti kupolisi n'kulandira kachitsulo ka nambala. "Ndiye taganizani, madala. Tauni yonse ilibe mano. Wolowa ndi kamfuti kamodzi basi, ndi bwana."

Anagwirizana zokaba m'sitolo ya mayi Hulda Brandvold masana dzuwa likuswa mtengo. Kamfuti kakang'ono kabisidwe mu jombo ya Chigubu, zinazo akapereke mwaulemu kuti asakayikiridwe. Chovuta chinali mfuti ya malemu bambo ake a Orville, chinthu chokhacho chimene mkuluyo anasiyira mwana wake. Chigubu anati aisiye kumsasa, Lemuel aziilondera. Orville anamuyang'ana Lemuel kanthawi, n'kuona kuti kupolisi kuli bwino.

Wolandira mfuti kupolisiko ndinali ine. Adzukulu anga amaonera kanema n'kumaganiza kuti tinkangowomberana m'misewu, koma chimene ndinaona kwambiri m'zaka zimenezo ndi mizere ya anthu aulemu atagwira zipewa. Orville ndinamupatsa nambala 14. Anandipatsira mfutiyo ndi manja awiri ngati khanda, ndipo ndinamukonda pomwepo.

M'sitolo muja Profesa analengeza zakuba jombo isanavulidwe. Phazi la Chigubu linali litatupa ndi kutentha. Anakhala pa thumba la nyemba, Lemuel akukoka chidendene, onse thukuta kamukamu. Mayi Hulda anadikira ndithu, anamaliza kukulunga sopo wa kasitomala, kenako anatulutsa chimfuti cha mipope iwiri pansi pa kauntala.

"Koma amayi, nanga lamulo?" anafunsa Orville, mawu ake ngati wolakwiridwa ndi iyeyo.

"Lamulo likuletsa kuyenda nayo, bambo. Mukuona ngati ndikuyenda?"

Anatuluka mopanikizana pakhomo, Chigubu jombo ili lende. Anafika pamahatchi, njira ya kuchigwa ili pululu, wowathamangitsa palibe. Orville ataponda kale chitsulo chokwerera, anamva kachitsulo kaja kakumubaya m'thumba. Anzake anamuchonderera, Lemuel mpaka analonjeza kukamubera kwina mfuti yabwino kuposa ya bambo akeyo. Iye anangotsika.

Kupolisi anapeza oweta ng'ombe asanu ndi awiri akudikira mfuti zawo kuti anyamuke. Wakuba wathu sanadumphe mzere. Anaima kumbuyo, chipewa m'manja, n'kumasuntha pang'onopang'ono. Chigubu ndi Lemuel anaima panja atagwira mahatchi, poti popanda Profesa sankadziwa kolowera. Umo ndi mmene anawapezera mayi Hulda, atabwera ndi a Dunnigan, mkulu wa apolisi, amene anasiya mbale ya nyemba pakati.

Orville sanalimbane. Anaika kachitsulo patebulo panga, akudziwa kuti mfuti ya wakuba imagulitsidwa pamsika.

"Kundimanga ndimangeni, bwana. Koma iyo musaigulitse. Bambo sanandisiyire china."

Ndinamva chisoni, sindibisa. A Dunnigan anakanda ndevu, n'kufunsa mayi Hulda ngati mfuti ya nambala 14 inafikako kusitolo. Mayiwo anati sanaione, ndipo kunena zoona sanaone mfuti ina iliyonse, anangoona jombo.

"Ndiye ilibe mlandu," anatero a Dunnigan. "Pagulu lonseli, yamvera lamulo ndi iyo yokha. Idikira mwini wake masiku makumi asanu ndi limodzi."

Ndatsekera anthu ambiri m'moyo wanga, koma amene anandithokoza ndikukhoma loko ndi Orville Tackett yekha.