Dimba la Esinala ndi Maluwa a Abwana

Inu amene mwangolowa kumene m'bungwe la antchito, mwambi umene mumaumva pamisonkhano uja unayamba motere.

Pa esiteti ina ya tiyi, othyola tiyi anali ndi bungwe lawo. Wapampando amene anamusankha pokweza manja anali Esinala Nakoma, mayi wa ana anayi. Ndiwo za pakhomo pake zinkachokera m'dimba la m'mbali mwa kamtsinje ka Nanthipwe, momwe munalinso madimba a anzake. Bungwe litakula, linalemba ntchito mlembi, bambo Likoswe a m'tauni, odziwa Chingerezi ndi malamulo, koma khasu ankaliona pazithunzi. Lamulo la bungwe linali lomveka: mlembi amalemba, eni ake amalankhula. Kwa abwana azipita ndi mamembala awiri.

Chaka choyamba mamembala ankapitadi nawo. Chachiwiri anayamba kuŵiringula. "Munthu timamulipira, tizimuperekezanso ngati mkwatibwi?"

Tsiku lina kunabwera kalata yoti Loweruka abwana akufuna kukambirana za madzi. A Likoswe anamupeza Esinala ataŵerama m'dimba.

"Amayi wapampando, Loweruka tikaonekere kwa abwana."

"Loweruka ndi la msika, a Likoswe. Tomato sadikira msonkhano. Kandimverereni."

Wachiŵiri kwa wapampando, a Mukhito, anati kuli chinkhoswe, akaŵamverere. A Muhiwa, membala wina, anati akudwala mwendo.

"Uti?" anafunsa a Likoswe.

"Sindinasankhe. Kandimverereni basi, inu ndinu a sukulu."

Pofika Lachisanu esiteti yonse inkaŵatchula kuti a Kandimverere, ndipo iwo analilandira dzinalo ngati udindo.

Loweruka anamanga tayi napita okha. Abwana anaŵakhazika pakhonde, naŵapatsa tiyi wa m'kapu ya pambale, kenako anaŵayendetsa m'maluwa.

"Mukuona mmene akufotera?" anatero abwana. "Tikufuna titseke Nanthipwe kumtunda, tiike paipi, madzi azibwera kuno. Bungwe lili ndi chotsutsa?"

A Likoswe anafufuza malamulo onse a m'mutu mwawo. Panalibe ndime yonena za maluwa.

"Bungwe silidana ndi maluwa, bwana." Ndipo anasaina.

Lolemba ataŵeruka, anthu anasonkhana pashedi yoyezera tiyi. Esinala anakhala kutsogolo, manja akununkha tomato. A Likoswe anatsokomola.

"Anzanga, kumeneko kuli maluwa! Ofiira, achikasu, ena ngati belu lozondoka, ena onunkhira ngati sopo wa pa Khirisimasi. Pali lina abwana analiitanitsa kunja, limafuna kuthiriridwa kaŵiri patsiku ngati khanda."

"Nanga za madzi?" anafunsa Esinala.

"Ndikufika, amayi. Za madzi zatha bwino. Aika paipi."

Anthu anaomba m'manja, amayi ena nalulutira, poyesa kuti mpopi ukubwera kumakomboni. Esinala yekha sanaombe.

"Paipiyo ichokera kuti?"

A Likoswe anatsegula buku, pakuti kulemba kokha sankaphonya. "Nanthipwe, kumtunda."

Nthungululu zinathera pakhosi.

"Ndiye madimba athu azimwa chiyani?"

"Kodi madimba anu amamwa Nanthipwe?"

"Inu mumayesa amamwa tiyi?"

A Mukhito anadzambatuka. "Achoke! Watigulitsa ndi kapu imodzi!" A Muhiwa anadumpha ndi miyendo yonse iŵiri kuvomereza.

A Likoswe sanatekeseke. Anatembenuza tsamba. "Ndinalembanso izi. Lachitatu, amayi wapampando: 'Tomato sadikira msonkhano, kandimverereni.' A Mukhito, chinkhoswe. A Muhiwa, mwendo, sanasankhe uti." Anatseka buku. "Munandituma kukamva, ndipo ndamva zonse, sindinasiyeko ngakhale duwa limodzi. Zoti tomato amamwa kuti, munatsala nazo inu."

Esinala anayang'ana manja ake. Akanakhala nawo m'maluwa muja, dzina la Nanthipwe likanamuimitsa pomwepo, abwana asanamalize chiganizo.

M'maŵa mwake anapita onse, osasiyako ndi wa mwendo yemwe. Abwana anaŵalandira mwaulemu, naŵaonetsa pepala losainidwa m'dzina la bungwe lawo. Zinatenga misonkhano khumi ndi umodzi kuti madzi ena abwerere kumunsi, ndipo pamisonkhano yonseyo a Likoswe ankalemba, Esinala akulankhula. Koma tomato wa chaka chimenecho anauma ali chiimire. Ana a Esinala anadya chisoso mpaka mvula, ndipo iye podutsa pampanda wa abwana ankaona duwa la kunja lija litakondwa, likumwa kaŵiri patsiku.

Anthu atavota, a Likoswe sanachotsedwe ntchito, pakuti buku lawo linali ndi mayina ambiri a oŵiringula. Koma kuyambira pamenepo, membala akangoyamba kuti, "Ine Loweruka lino ndatanganidwa," Esinala ankamutengera chipewa chake n'kumupatsa m'manja.

"Valani tizipita, achimwene. Kandimverere anakanena za m'maluwa."