Kadzidzi ndi Masamba Ake Akuda

Muofesi mwathu munali munthu amene ankadana ndi kuwala ngati kuti kunamulanda mkazi. Tinkamutcha Kadzidzi. Ntchito yake inali yopangira makasitomala mawebusaiti, ndipo tsamba lililonse lochoka m'manja mwake linkakhala lakuda bii, zilembo zake zotuwa, zowonda ngati miyendo ya udzudzu. Ukawerenga mizere itatu n'kuyang'ana kumbali, mizereyo inkakutsatira mpaka kuchimbudzi.

Tsiku lina mwini famase anatulukira maso ali psuu.

"Achimwene, ndinati tsamba la mankhwala, osati la mabokosi a maliro!"

"Ndi zamakono zimenezo, bambo," anayankha Kadzidzi osatembenuka n'komwe.

"Zamakono? Mayi anga akuwerenga mphuno itagunda foni!"

"Si inu a mankhwala? Apatseni a m'maso."

Mayi wina wosoka madiresi aukwati naye anabwera ndi yake. Akuti akwatibwi akatsegula tsamba lake ali padzuwa, ankangoona nkhope zawo pagalasi la foni, nambala yoti aimbe osaipeza. Kadzidzi anawalangiza kuti azikawerengera pansi pa bedi.

Abwana anatopa nazo. "Dandaulo lina limodzi lokha, akulu, ndikuonetsani msana wa njira."

Chimene abwana sankadziwa, ife tinkachidziwa. Maso a Kadzidzi anali akutha. Kuwala kunkamubaya, n'chifukwa chake zenera la pafupi ndi desiki yake analimata makatoni, ndipo kabotolo ka mankhwala odonthezera m'maso ankakabisa mudilowa. Tsamba lakuda ndi lokhalo limene ankathabe kuliona. Abwana akanangodziwa, ntchito ikanathera pomwepo, kunyumba kuli ana atatu a sukulu. Ndinene chilungamo: kudziwako n'kumene kunkatikometsera nthabwala.

Lolemba lina abwana anabwera ndi mlendo, mwini sukulu, kudzaona tsamba lake latsopano. Kadzidzi anali atapita kukatenga tiyi. Ineyo, ndi manja angawa, ndinatseka tsamba la sukulu, n'kutsegula kalata ya madandaulo ya mwini famase uja, yoyera mbee, n'kukweza kuwala kwa sikirini mpaka pamapeto. Mlembi wathu anakanganula makatoni pazenera.

"Tawerengereni alendowa zimene mwalemba," anatero abwana Kadzidzi atakhala pansi.

Kadzidzi anayang'ana sikirini ija, misozi ili mbwembwembwe. Kenako anayamba, mawu ali bwinobwino: "Takulandirani kusukulu yathu, kumene mwana aliyense..." Analakatula tsamba lonse pamtima osaphonya liwu, chala chikuyenda pamizere yomutukwana iye mwini.

Mlendo anatsokomola. Abwana anaimika dzanja patsogolo pa nkhope ya Kadzidzi.

"Zala zingati izi?"

"Bwana, tangotsekani zeneralo kaye."

"Ndati zingati?"

"Zinayi."

Zinali ziwiri. Mlembi anathawira panja atagwira pakamwa, ine ndinabisa mutu kuseri kwa kompyuta, nthiti zikuwawa ndi phwete. Mwezi usanathe, Kadzidzi ananyamula kapu yake n'kutuluka akupapasa khoma.

Chaka chisanathe anatsamira mkono. Akuti kunali kuthamanga kwa magazi. Tinapita kumaliro ofesi yonse, titavala bwino. Titapepesa, mkazi wake anandigwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Alamu, ndinu amene munkakhala naye moyandikana? Zikomo kwambiri. Ankakutchulani kawirikawiri. Ankati anzake onse ankadziwa za maso ake, koma kwa zaka zitatu palibe anakamunenera kwa abwana. Ankati anthu ngati inu ndi osowa."

Ndinayankha kuti palibe kanthu, alamu. Ndikanati chiyani?

Masiku ano masamba athu ndi oyera, zilembo zakuda, zonenepa, ndipo ngakhale nkhalamba ikuwerenga ili padzuwa. Palibe kasitomala wobwera kudzakalipa. Palibenso choseketsa. Ine ndi mlembi timapatsana moni m'mawa, basi kwatha, aliyense maso pa ntchito yake. Muofesimo mumawala kwambiri moti munthu umasowa poyang'ana.