Duwa la Amake Dailesi

Iwe wakhala kumapetowe, ndakuona ukupinda milomo. Sekeratu utsirize, chifukwa nkhaniyi ili ndi maliro m'kati ndipo ndikaiyamba sindifuna kuona mano. Amene akuti ine Sakala ndimanama akafunse aliyense wa imvi ku Nkwali.

Akazi anga, amake Dailesi, ankachapa zovala pa loji ina ya alendo m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa. Mlendo wina anawasiyira duwa m'chitini, duwa losachita maluwa, la timasamba tonenepa ngati nsawawa, tolendewera pa tizingwe tobiriwira. Amake Dailesi analipachika pakhonde, ndipo ankacheza nalo kuposa mmene ankachezera ndi ine.

Akazi angawo atamwalira, amayi akutchalitchi anadzaza pakhomo, ndipo aliyense wodutsa pakhondepo ankalithira madzi pomvera chisoni chinthu cha malemu, osadziwa kuti duwa limeneli madzi ambiri ndi imfa yake. Pamene anthu ankabalalika n'kuti mizu itawola, masamba atafewa, tizingwe titada bii.

Mwana wanga Dailesi anati, "Atate, tayani ichi. Tiyeni ku Chipata mukakhale nafe. Kuno mwatsala ndi chiyani?"

Ine ndinati, "Likafa, ubwere udzanditenge. Likadzuka, undisiye panyumba pa amako."

Ndinalizula, ndinadula zowola zonse ndi lumo mpaka kutsala kachidutswa ngati chala cha mwana, ndinakayanika pamthunzi kuti bala liume, kenaka ndinatsikira kumtsinje kukatapa mchenga, ndipo poti mchenga wabwino unali pansi pa ng'ona yogona, ndinainyamula ng'onayo n'kuika pambali osaidzutsa, ndinatapa, n'kuibwezera pamalo pake. Mukumva? Mchengawo ndinasakaniza ndi makala osinja, chitini ndinachiboola pansi, ndinabzala, ndipo sindinathire ngakhale dontho.

Munali mu Okutobala, dzuwa lija la chigwa chino, chaka chimene nkhanga zinkaikira mazira owiritsa kale ndipo nsomba zinkatuluka m'madzi zitapsa, kungotsala mchere. Ndinalumbira kuti sindimwa madzi kufikira duwa la akazi anga litapempha lokha, ndipo tinakhala choncho awirife pakhonde, lilime langa litauma ngati chikopa cha ng'oma, misozi yomwe ikutuluka fumbi. Ndinkalankhula nalo mawu amene sindinawauze amake Dailesi ali moyo.

M'mawa wina ndinaona kamuzu koyera. Ndinathira supuni imodzi ya madzi, otsala ndinamwa.

Abale anga, mmene linayambira kukula! Linatsika pakhonde, linakwera denga, linazungulira nkhokwe, linadutsa msewu wa ku Mfuwe, njovu yozolowera kuba mango kwathu inakodwa mwendo n'kugwada pabwalo panga mpaka ndinachita kuimasula ndekha.

Mvula itabwera, mtsinje wa Lupande unasefukira. Tsiku limenelo Dailesi anali mu minibasi kubwera kudzanditenga, poganiza kuti duwa linafa kale. Ndinamva kukuwa kuti madzi akokolola galimoto, ndinathamanga chingwe cha duwa chili paphewa, ndinachiponya pakati pa mtsinje, chinakola minibasi, ndinaponda pachulu n'kukoka, ndipo inatuluka yonse pamodzi ndi anthu, matumba a chimanga, ndi mvuu imene inali italuma tayala lakumbuyo. Mukumva? Palibe anamira.

Dailesi anatsika ali chonyowa, anagwira tizingwe tija, anatiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anagwada m'matope n'kuyamba kulira amake, kulira kumene sanalire pamaliro. Anagona pakhomo panga sabata yonse, anabwerera ku Chipata yekha, atatenga kachidutswa m'kapu.

Ndikudziwa, mwadutsa pakhonde panga ndipo mwaliona: lili m'chitini, kutalika kwake sikuposa mkono wangawu. Eya, linafupika. Inuyo kakokeni minibasi ndi mvuu m'madzi osefukira, mubwere ndidzakuyezeni.