Wotchi ya Pansi pa Nyanja ndi Mkwatibwi wa Eni

"Bashi Taonga, mwana wanu akwatiwa imwe kulibe chifukwa cha kachitsulo ka pa mkono! Vulani, mukakataye kudzala ku Chunga!"

Anali mkazi wanga ameneyo, bana Taonga, ndiye kuti mayi ake a Taonga, akukuwa pabwalo la tchalitchi ku Matero, anthu atatizinga ngati pagwa minibasi. Ine ndinali chilili, buluku la suti litanyowa mpaka m'mawondo, nsapato zodzaza matope. Ndinayankha mmene mwamuna amayankhira pakakhala anthu: "Wotchi iyi sinalakwe." Mawu amenewo sindinawabweze mpaka lero.

Ndiyambe poyambira. Ntchito yanga ndi yowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo matenda anga ndi amodzi okha: mawotchi a anthu osambira pansi pa nyanja. Aja onenepa, a galasi lochindikala, okhala ndi kamkombero kozungulira kowerengera mphindi mpweya usanathe. Ndimawatola mu salaula, pamsika wa zovala ndi katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo amakhala m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa wadiropu. (Musandifunse ngati ndimadziwa kusambira. Funso limenelo ndi lachipongwe. Madzi akuya amene ndinalowamo m'moyo wanga ndi a ku Kanyama nthawi ya mvula.) Koma onse a m'chitinimo anali mitembo, wina wopanda muvi, wina wa dzimbiri. Choncho ukwati wa Taonga, mwana wanga woyamba, utayandikira, ndinati iyayi, tsiku lokamupereka kuguwa ndidzavale yamoyo.

Kulakwa kwanga kunali kupita m'tauni ndi mlamu wanga, ba Mulenga, mchimwene wa mkazi wanga. Munthu ameneyu ndi kapitawo ku mafakitale, ntchito yake ndi kuima pageti n'kumabweza ochedwa. Ngakhale pamaliro amayang'ana pa mkono abusa akamapemphera.

Mayi wogulitsa anatiyalira mawotchi awiri ofanana ngati mapasa. Ina inali ya batire. Inayo inali ya makina okhaokha, yodzipukusa yokha mkono ukamayenda. Anaitembenuza, ndipo kumsana kwake kunali kagalasi: timawilo, timano, kenakake kakugunda ngati mtima wa mwanapiye. Ine pomwepo ndinagwa nayo m'chikondi.

"Mulamu, tengani ya batire," anatero ba Mulenga. "Iyi sinama. Muiike mu chitini chaka chonse, muzaipeza iyenda."

"Ya batire ni ya bana ba sukulu," ndinatero. "Ine nisebenza na nsimbi. Nifuna chinthu cha moyo."

"Cha moyo chimadwala, mulamu."

"Na batire imafa!"

Mayi uja analowererapo. "Ba bosi, iyi ya makina ifuna kuvala. Mukaisiya masiku angapo, igona. Koma mukaivala, iuka yeka."

Ine ndinamva zakuti imadzuka yokha. Ba Mulenga amalumbira kuti mayiyo anawonjeza kuti ikadzuka uyenera kukonza nthawi. Mwina ananenadi. Panthawiyo n'kuti ine ndikuuza mlamu wangayo kuti munthu amene sanagwirepo sipanala asandiphunzitse za makina.

Ndinagula ya makinayo, n'kumaivala tsiku ndi tsiku, ndipo inkayenda bwino. Koma sabata ya ukwati ndinaona kadontho kakuda pa lamba wake, ntchito ya moto wothetheka powotcherera. Mtima unandipweteka. Ndinaipukuta, n'kuigoneka m'chitini pakati pa anzake akufa aja, kuti idzatuluke Loweruka ikunyezimira.

Loweruka kunacha kwamdima, mitambo yatsika mpaka pamalata. Malaiti anapita dzulo lake, foni yanga ili zii, yafa. M'nyumba mwathu ku Lilanda munadzaza azimayi: alangizi, azakhali ochokera ku Kitwe, ena amene sindinawaonepo chibadwire koma akundilamula kuti ndichoke pampando wanga. Ndinavala suti, n'kutsegula chitini. Wotchi ija nditangoimanga pa mkono n'kuigwedeza, kamuvi ka masekondi kanayamba kuyenda. Yadzuka yokha, monga analonjezera! Inkasonyeza kuti sikisi yangokwana kumene. Ukwati unali wa teni.

"Niyenda kugela," ndinauza mkazi wanga. "Muzanipeza ku tchalitchi."

"Manje? Simuzachedwa?"

Ndinangomuonetsa mkono, n'kutuluka.

Wometa wanga wa masiku onse analibe malaiti, ndiye ndinayenda mpaka kukomboni ya George kwa wina amene ali ndi sola. Ndinapeza mzere. Ndinakhala pabenchi mwamtendere, mkono wa jekete nditaukweza pang'ono kuti anthu aone. Itafika nthawi yanga, wometayo, bambo wadazi (ometa ambiri ndi adazi, sindidziwa chifukwa chake), anandifunsa za sutiyo.

"Nikwatitsa mwana. Teni awazi, ku Matero."

Anayang'ana pakhoma pomwe panali wotchi yapulasitiki ya chithunzi cha mpira. "Ba mudala, teni ili pafupi. Nigele chabe ndevu muthamange."

Ndinaseka. "Iwe, ako ka batire kakunamiza. Ona apa. Iyi ni ya pansi pa nyanja."

"Koma pano tili pa George, ba mudala."

Anthu a pabenchi anaseka, ndipo ine magazi anakwera. Wina anatulutsa foni kuti andionetse. Ndinamuuza kuti aibweze m'thumba ndisanaigwetse. Ndinalamula kuti andimete mutu wonse, ndevu, ndi tsitsi la m'makutu lomwe, mosathamanga. Pofuna kuwaonetsa kuti ine si munthu wopupuluma, nditatuluka ndinakapukutitsa nsapato pakona. Kenako ndinagula chimanga chootcha n'kuima pakhonde la kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, kudikira kuti mvula imene inayamba ichepe.

Mayi wina wa mumpingo mwathu anadutsa ndi ambulera, n'kuima. "Ah, bashi Taonga! Ukwati wasila kudala?"

"Ukalibe kuyamba."

Anandiyang'ana ngati ndamwa, n'kupitiriza ulendo akugwedeza mutu. Ndinamutukwana chamumtima.

Chimene chinandigwetsa ndi wailesi ya mu kantembamo. Woulutsa anatchula nthawi, ndipo teni inali itadutsa kalekale. Ndinayang'ana pa mkono. Ndinayang'ana wailesi. Kunena zoona, kwa kanthawi ndinaganiza zokangana ndi wailesiyo. Kenako chimanga chinagwa m'manja.

Minibasi panalibe, msewu unali mtsinje. Ndinadula njira zachidule pakati pa nyumba, ndipo pa ngalande ina ndinaterereka n'kulowa mpaka m'mawondo, mkono wonse wamanzere n'kumira m'madzi akuda aja pofuna kudzigwira. Apa mumvetsetse bwino, chifukwa abale anga mbali imeneyi amaidumpha akamafotokoza nkhaniyi: nditautulutsa mkonowo, wotchi inali ikuyenda. M'galasi simunalowe ngakhale dontho. Ntchito imene anaipangira inaigwira.

Tsopano, tchalitchi chathu Loweruka chimakhala ngati chigayo. Maukwati amandandalikana, wina akutuluka wina akulowa, ndipo abusa athu sadikira munthu. Ine zimenezo ndinaziiwala. Nditafika wefuwefu, ndinaona pakhomo mkwatibwi ataima, nsalu yoyera yaphimba nkhope, kwaya ikuimba m'kati. Ndinati Mulungu ndi wamkulu, andidikira! Ndinakankha anthu, n'kumugwira mkono.

"Tiye, mwana wanga. Daddy wafika."

Tinayenda ndithu kulowa m'kati. Ndinkadabwa kuti Taonga watalika liti, komanso chifukwa chake akukoka mkono, koma ndinati ndi nsapato zazitali ndi mantha a ukwati. Anthu a m'mabenchi onse anali achilendo. Ndinati ndi akuchimuna. Kenako dzanja lolemera linandigwira pakolala. Linali la bambo wamkulu ngati wadiropu yanga ija, duwa lili pachifuwa.

"Imwe! Mumupeleka kuti mwana wanga?"

Mkwatibwi anakweza nsalu. Nkhope imeneyo ndinali ndisanaionepo. Anali akulira, ndipo pa diresi lake, pomwe ndinagwira, panali chidindo cha zala zanga zamatope. Kwaya inasiya kuimba, kupatula mayi mmodzi amene anali atatsinzina.

Anandikokera panja anyamata olandira alendo, ndipo kumeneko ndi kumene ndinapeza a kwathu akujambulitsa zithunzi pansi pa khonde. Ukwati wa Taonga unali utatha. Amene anamupereka kuguwa, atamugwira mkono, pamaso pa mpingo wonse, anali ba Mulenga. Apo ndi pamene mkazi wanga anakuwa mawu aja ndayamba nawo.

Ba Mulenga sanakuwe. Bola akanakuwa. Anangokweza mkono wa jekete, n'kuyang'ana kawotchi kawo ka batire, kenako n'kuyang'ana ine. "Mulamu, pa geti yanga sembe nakubwezani."

Ndikanawagwira pakhosi pomwepo pakanapanda Taonga. Anabwera atanyamula diresi lake kuti lisakhudze matope, maso ali ofiira. Sananene zambiri. "Daddy, nenze kuyang'ana kuchitseko mpaka abusa anakamba ameni." Mawu amenewo anandilasa kuposa phokoso lonse la mayi ake. Kenako anandigwira mkono womwewo wamatope. "Ku holo muzanilowetsa ndimwe. Osati ba yama." (Ba yama ndiwo amalume, ndiye kuti ba Mulenga. Ndinaonetsetsa kuti amva.)

Ku holo ndinamulowetsadi, nditabwereka buluku la woyendetsa galimoto ya maluwa, lolekeza m'akakolo. Ndinavina kuposa akuchimuna onse, ndikuponya mkono wamanzere m'mwamba. Anthu ankati ndi chimwemwe. Chinali chimwemwe ndithu, komanso ndinali kupukusa wotchi.

Anthu akuti ndiphunzirepo kanthu. Ndaphunzira. Chinthu chamoyo suchitsekera m'chitini ndi akufa n'kumayembekeza kuti chidzakuuza zoona. Wolakwa ndi amene anaigoneka, komanso a malaiti, komanso mitambo, komanso abusa othamangitsa maukwati ngati matumba a chimanga. Chithunzi cha kuguwa chili pakhoma m'nyumba mwanga, mwana wanga ali ndi ba Mulenga, ndipo ndikakhala pampando wanga chimandiyang'ana. Chimenecho ndi chilango chokwanira, sindifuna china.

M'mawa mwake, Lamlungu, ndinayamba ndapita kwa bambo wamkulu uja ndi nkhuku yamoyo kukapepesa za diresi. Analandira nkhukuyo koma mpando sanandipatse. Pobwerera ndinapeza ba Mulenga akundidikira pakhomo ndi kabokosi kokulunga bwino.

"Mphatso, mulamu. Ya mu chitini chanu."

Inali ija ya batire, mapasa ake a yangayi. Mkazi wanga anaima pakhomo la khitchini manja ali m'chiuno, kudikira kuti ndivule yanga. Ndinathokoza mwaulemu, ndi manja awiri. Kenako ndinatenga kasukuludiraiva kanga kakang'ono, n'kutsegula kumsana kwake iwo akuona, n'kuchotsa batire, n'kuwaikira ba Mulenga m'dzanja. Wotchiyo ndinaigoneka m'chitini pakati pa mitembo ija, n'kutseka.

"Mwenze munakamba kuti iyenda chaka chonse mu chitini," ndinatero. "Tizaona."

Ndinagwedeza mkono wamanzere, n'kuuika pakhutu. Inali ikugunda.