Chule, salamanda ndi njinga

Lolemba
Mayi a ku bungwe la zachilengedwe andisiyira chithunzi, poti ndine wapampando wa komiti yathu kuno ku Kapelula. Pali chule wachikasu waululu, ndi chinachake chotchedwa salamanda. Akuti zonsezi zatsala pang'ono kutha padziko. Loweruka ndikazifananitse pamsonkhano, komiti yofotokoza bwino ilandira njinga. Njinga! Makuponi atuluka, kogula feteleza n'kutali, msana wanga unatha kale.

Lachiwiri
Zofanana: miyendo inayi, kukonda chinyezi, kutha. Zosiyana: mchira. Basi? Salamandayu ine ndikuona buluzi, koma akuti si buluzi, ndi mbale wake wa chule. Ubale wa kuchimuna kapena kuchikazi? Komanso ngati chuleyo ndi waululu, tikudandauliranji kuti akutha? Mutu ukuwawa.

Lachitatu
Anthu akuno za papepala samva, mpaka aone ndi maso. Ndili kudambo, kuseri kwa nazale ya fodya. Achule ndapeza, onse otuwa. Buluzi wandisiyira mchira m'manja n'kuthawa. Kusiyana kokhako komwe ndimadziwa kuli m'thumba la malaya.

Lachinayi
Ndagwira buluzi wina. Ndamuika m'keni yothirira pamodzi ndi achule, poti salamanda amakonda madzi. Sakuoneka wosangalala. Mayi akunyumba: "Zimenezo zikalowa muno, ine ulendo kwathu ku Wimbe."

Lachisanu
Mbiri yawanda. Akuti ndikukhwima kuti fodya wanga adzalemere pasikelo. Ine! Mkulu wa mpingo abwera kudzandipempherera. Potuluka akundinong'oneza: "Nanga buluziyo mumachita kuwotcha, kapena wamuwisi?"

Loweruka
Msonkhano. Ndikuvundukula keni, achule akudumphira paliponse, amayi akuthawa ana ali kumsana. Buluzi wafa. Mayi a bungwe agwira pakamwa: "Bambo, nyama za pachithunzi n'za kutsidya kwa nyanja, kuno kulibe. Inu mwapha yakuno." Kuno kulibe?! Ndiye sabata yonseyi ndimateteza chiyani? Njinga yapita ku komiti ya ku Lukwa. Iwo angoimba nyimbo.

Lamulungu
Kutchalitchi benchi yonse yanga ndekha. Zandiwawa, osanama. Feteleza ndi mawa, ndiye ndapita kwa alamu kukabwereka njinga monga chaka chilichonse. Ayankhira pawindo: "Pepani alamu, pakaliyala pamakhala ana." Chule ndi salamanda sindikudziwabe wotha msanga ndani. Ndikupota nkhata yosenzera feteleza.