Mainjekita a Mpikisano pa Maliro a Eni

Ndine munthu wosakonda phokoso. Kusekondale kumene ndimaphunzitsa fizikisi pa Boma la Mzimba, ana amalimbirana mipando yakutsogolo, osati chifukwa chokonda phunzirolo koma kuti andimve. Choncho nkhani yochititsa manyazi ya mmene ndinasokonezera maliro a munthu amene sindinkamudziwa n'komwe ndiinena ndekha, popeza amene akuinena kumsika ayamba kuikamo mfuti.

Galimoto inali ya malemu mkazi wanga, Tiwonge. Anali namwino, ndipo ankakonda liwiro. Ine ndikagwira chiwongolero ankatsamira mpando n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tikafika mundidzutse." Mchimwene wake Wongani, amene amagwira ntchito pa galaja ina ku Joni, anamutumizira tebo yaikulu, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini, ndipo Tiwonge anaimangitsa. Kunatsala mainjekita, timipope timene timafayira petulo mu injinimo, chifukwa mpweya ukachuluka petulo ayeneranso kuchuluka. Asanagule, anadwala. Galimoto inakhala pansi pa mtengo wa mango chaka chathunthu, ine ndikuyenda pa kabaza.

Litayandikira tsiku lovundukula chiliza chake kwawo, kupitirira Manyamula, ndinatsimikiza mtima kuti ndimaliza ntchito imene anaisiya. Apongozi anga, amene ankakhala pa Boma pomwepo, ndinawalonjeza kuti adzapita pa galimoto ya mwana wawo.

Masamu ndinachita bwino, ndipo mpaka lero palibe angandipezemo cholakwa. Ndinawerengera mphamvu imene injini ingapirire, petulo wofunika pa mphamvuyo, n'kugawira masilinda anayi, n'kusiya kampata kuti timipopeto tisamagwire ntchito mobanika. Yankho linali lakuti apakatikati akwana. Ndinaimbira Wongani.

"Alipo apakati, alipo aakulu, ndiye pali ena ake a anyamata a mpikisano," anatero. "Mukufuna ati, mlamu?"

Ndinakumbukira zinthu zonse zimene Tiwonge anapemphapo ine n'kuyankha kuti yapakati ikwana: firiji, wailesi, ngakhale keke ya ukwati wathu.

"A mpikisanowo."

"Eish! Mlamu, ndinu nomwe? Chabwino. Koma kompyuta ya injini mukaisinthitse ku Mzuzu kuti iwadziwe. Apo ayi izithira petulo ngati ikuthirira dimba."

"Ndikudziwa," ndinatero, ndipo ndinkadziwadi. Ndinangoganiza kuti za ku Mzuzu zidikire chiliza chithe.

Mainjekitawo anabwera pa basi ya ku Joni atakulungidwa m'bulangete. Atamangidwa, ndinakayesa galimoto pa tala. Inathamanga mpaka ndinamva ngati Tiwonge ali pambali panga akuwomba m'manja. Chimene sindinayese ndi kuyenda pang'onopang'ono, ine amene ndayenda pang'onopang'ono moyo wanga wonse.

Tsiku la chiliza m'mawa galimoto inazima pa geti ya apongozi, n'kukana kulira mpaka thukuta litanyowetsa jekete yanga. Chifukwa chake ndinachimvetsa msanga: injini ikamalira motsitsa, mainjekita aakulu amaimiza ndi petulo. Mankhwala ake anali osavuta. Osachotsa phazi pa akiseleta.

Apongozi anakhala kumbuyo, atavala bulauzi yoyera ya amayi a mpingo. Ine ndi iwo sitinkachulutsa mawu; kuno mkamwini ndi apongozi amaopana. Titalowa msewu wafumbi ndi pamene anayankhula koyamba, m'Chitumbuka chawo, kuuza mkamwini wawone kuti ndiyende pang'onopang'ono.

"Pachoko pachoko, akweni."

"Yewo, amama."

Tisanafike pa Manyamula, titangokhota, ndinaona masamba aawisi atayalidwa mopingasa msewu. Maliro. Aliyense amadziwa mwambo wake: wa njinga amatsika, wa chipewa amavula, wa galimoto amazimitsa wailesi n'kukwawa mwakachetechete mpaka atadutsa masamba achiwiri. Anthu anali atadzaza mbali zonse. Azibambo anakhala pansi pa mitengo, amayi a mpingo ali pamzere m'mphepete mwa msewu, mabulauzi ali mbee, akuimba motsitsa.

Ndinachotsa phazi. Injini inayamba kutsokomola. Ikazima pano, ndinaganiza, ku chiliza sitifika. Ndinaponda kilachi, n'kukhudza akiseleta pang'ono chabe.

Vuuuu!

Nyimbo inadukira pakati. Ndi manyazi ndinachotsanso phazi, ndipo petulo wosapsa amene anali atadzaza mu ekizozi anaphulika.

Phaa!

Nkhuku zinabalalika. Bambo wina wa tayi anagona chafufumimba m'ngalande. Utsi wakuda bii unatuluka kumbuyo n'kuyenda pa mzere wa mabulauzi aja, mmodzimmodzi, ngati ukupereka moni.

Mwamuna wina wamtali, amene ndinamva pambuyo pake kuti anali mphwake wa amene anamwalira pamudzipo, anaima kutsogolo kwa galimoto atakweza manja. Kenaka anabwera pa windo.

"Nchichi ichi? Masamba simukuwaona, adada?"

"Pepani kwambiri, bambo. Nkhani yake ndi yakuti…" Injini inayamba kufa. Vuuu!

"Ndikulankhula, inu mukundilizira injini?"

"Ayi, bambo, ndikupepesa." Vuuu!

"Anyamata a ku Joni inu! Mukabwera ndi tigalimoto tanu mbwenu tonse kuno ndife mbuzi!"

"Ku Joni sindinapiteko. Ndine mphunzitsi."

"Mphunzitsi! Imvani anthuni, akuti ndi mphunzitsi!"

Phaa!

Ndinayesa kufotokoza. Ndinanena za mpweya ndi petulo, za kompyuta imene ikuganiza kuti timipope tikadali tating'ono. Ndinafotokoza bwino zedi, mwina kuposa mmene ndimachitira m'kalasi, kungoti mawu anga ndi aang'ono ndipo chiganizo chilichonse chinkathera pa vuuu. Anthu ankangoona munthu wa suti akugwedeza milomo uku akuponda moto pa maliro a eni. Amuna ena anayamba kuyandikira, awiri akuvula majekete.

Kumbuyo kwanga kunamveka mawu ofatsa.

"Akweni. Zimitsani."

"Amama, ikazima siliranso. Chiliza chija…"

"Zimitsani. Tiwonge sathawa."

Ndinazimitsa. Kunagwa bata loti ndinkamva ekizozi ikuthetheka pozizira.

Apongozi anatsika, n'kuyenda chowerama kupita kwa amayi aja, n'kugwada pakati pawo. Zimene ananena sindinamve. Ndinangoona mitu ikutembenukira kwa ine, kenaka ku galimoto, mayi wina n'kugwira pakamwa. Ambiri a iwo Tiwonge anawathandizapo pobereka.

Ine ndinakakhala pansi pamodzi ndi azibambo, suti yanga m'fumbi, n'kupepesa maliro monga ndikanayenera kuchitira poyamba. Wamtali uja anandiyang'ana n'kufunsa.

"Ndiye galimoto ya sisita ija ndi imeneyi? Iwo ankadutsa muno ngati mphepo, koma pa masamba sitinawamvepo ngakhale tsiku limodzi."

"Cholakwa ndi changa, bambo."

"Enya. Zimenezo taona tonse."

Anakodola amuna ovula majekete aja. Ndinaganiza kuti nthawi yanga yakwana, koma anapita kumbuyo kwa galimoto n'kuikapo manja. Anatikankha, apongozi ali pampando wawo, ine pa chiwongolero, injini ili zii, nyimbo itayambiranso pamene inadukira. Tinadutsa masamba achiwiri, iwo osasiya. Anakankha mpaka kuseri kwa chitunda.

"Apa ndiye ombani mizinga yanu, aphunzitsi," anatero wamtali uja akupukuta manja. "Ndapota, pobwerera mudzere njira ina."

Pa mtsetse inalira, ndi phaa wina wotsanzikira.

Tinafika mapemphero atayamba kale. Njira yonse ndinkadziwa kuti ulemu umene ndinausunga zaka zonse za ukamwini wanga wapita ndi utsi uja. Nsalu itachotsedwa pa chiliza, anapempha apongozi kuti alankhule. Anaimirira, bulauzi ikununkha petulo, n'kuyang'ana dzina la mwana wawo pa mwala.

"Tiwonge, mwana wane," anatero. "Unkabwera kwa ine kudzadandaula kuti mwamuna wako salankhula, kuti kwathu kuno mawu ake sawadziwa. Gona bwino. Lero Manyamula yose yamumva."

Anthu anaseka. Nanenso ndinaseka, koyamba chichokereni iye, mpaka ndinachita kubisa nkhope m'kampango kwa nthawi yotalikirapo kuposa mmene kuseka kumafunira.

Sabata yotsatira ndinaitanitsa apakati aja, ndipo ku Mzuzu ndinapita. Zimene unamumana munthu ali moyo, usamakazithire mu injini.